Musanagule makina, funsani kaye za mpeni wake

Masiku ano aliyense akutiuza kuti tisadikire kulembedwa ntchito, tidzilembe tokha. Pamwambo wa omaliza maphunziro amatero, pawailesi amatero, ngakhale kunyumba amayamba kutero akaona digiri yagona m'sutikesi chaka chachiwiri. Ndiye tikakhala pansi kupanga mapulani, nkhani imathera pa makina. Uyu akufuna osindikizira, uyo owotcherera, winayo kachigayo ka chiponde. Ndawerengapo mapulani a bizinesi a anzanga angapo, ndipo onse amalemba mtengo wa makina mpaka tambala yomaliza. Chimene sindinaonepo ndi mzere wonena za tinthu timene timatha, monga mpeni, sandipepa, lamba kapena inki. Chonsecho timeneti ndi timene timaimitsa ntchito.

Ndifotokoza zimenezi ndi kachipangizo kamodzi kamene ndikukadziwa bwino, chifukwa tchuthi changa chimathera pashedi ya malume anga, akalipentala a ku Machinjiri. M'Chingerezi amakatcha oscillating multi-tool, koma anyamata a pashedipo amangoti kometera, poti kamalira ngati makina a kubabashopu. Kukula kwake n'ngati tochi yaikulu. Kutsogolo kwake umamangako kampeni kaphanthiphanthi, ndipo mpeniwo suzungulira ngati wa girayinda. Umangogwedezeka uku ndi uku, madigiri atatu okha kapena kuposerapo pang'ono, koma umatero pafupifupi maulendo 20,000 pa mphindi imodzi ukakatsegula mpaka kumapeto.

Amene munathyokapo mkono n'kumangidwa chikhakha mwina mukukumbukira kasowo kaphokoso kamene amachotsera chikhakhacho kuchipatala. Nzeru yake ndi yomweyo. Chinthu cholimba chimadulika chifukwa sichisuntha, pamene khungu limagwedezeka limodzi ndi mpeni. Kampani ya ku Germany yotchedwa Fein inapanga sowo yodulira zikhakha mu 1967, kenako nzeruyo inaisamutsira ku zipangizo za amisiri. Patenti yake itatha, makampani ambiri anayamba kupanga kawokawo, ndipo mavuto a mipeni anayambira pamenepo.

Ku Machinjiri kachipangizoka kali ndi ntchito yeniyeni. Nyumba za kuno zimamangidwa pang'onopang'ono, malinga ndi mmene ndalama ikupezekera. Munthu amalowa m'nyumba ya simenti pansi, patapita zaka zitatu ndi pamene amapeza ya matailosi, pamenepo mafelemu a zitseko anakhala kale. Kuti tailosi ilowe pansi pa felemu, pamafunika kudula kachidutswa kufupi ndi pansi penipeni, pamalo poti sowo wamba sagona. Kometera amangogoneka pamwamba pa tailosi yoyesera n'kudula mwaukhondo. Kamabowolanso malo a soketi pabolodi popanda kung'amba, kamadula msomali wobisika pakati pa matabwa awiri, kamachotsa tailosi imodzi yosweka osavulaza zinzake.

Malume anachita kutumiziridwa ndi mwana wawo amene ali ku Johannesburg. Kanabwera pabasi m'katoni, muli mpeni umodzi wa matabwa ndi tisandipepa tingapo. Sabata yachiwiri anapeza ntchito ya mafelemu asanu ndi limodzi m'nyumba ina cha ku Area 10. Pa felemu lachitatu mpeni unakumana ndi msomali, mano onse n'kuphwa nthawi yomweyo. Anakwera minibasi kupita ku Limbe, ndipo wogulitsa wina anawapatsa paketi ya mipeni n'kulumbira kuti imeneyi imalowa paliponse. Atafika nayo kunyumba ija, palibe ngakhale umodzi umene unakhala. Pobwerera nayo mawa lake anangouzidwa kuti paketi yotsegula sibwezedwa. Mafelemu otsalawo anamaliza ndi sowo wamanja ndi tchizulo, mochedwa ndi masiku awiri, woika matailosi akudikira, ndipo mwini nyumba anadulako malipiro. Kometera anagona m'bokosi miyezi inayi kudikira munthu wochokera ku Joni.

Chimene wogulitsa uja sanadziwe, kapena sanafune kunena, n'chakuti pomangira mpeni sipafanana. Makina ambiri akale ndiponso otchipa ali ndi timano tozungulira bawuti, ndipo mpeni wake ndi wosalala, wokhala ndi tizibowo tolowa m'timanoto. Mipeni yolembedwa kuti universal amaibowola mochuluka kuti ikwane pa makina ambiri a mtundu umenewu, ndipo ina imakhala yotseguka kumbuyo kuti ulowetse osachotsa bawuti yonse. Koma mu 2016 makampani a Bosch ndi Fein anatulutsa kamangidwe kena kotchedwa Starlock. Mpeni wake si wosalala. Pamutu pake ndi potukuka ngati chitsekero cha botolo la Fanta, ndipo makina amaugwira m'mbali monse. Amagwira zolimba, mphamvu sitayika, kusintha mpeni n'kwa kanthawi kochepa popanda sipanala. Makina a malume ndi otere. Mpeni wa Starlock wamba umatha kulowa pa makina ambiri akale aja, koma makina a Starlock salandira mpeni wosalala. Ndiponso m'banja lomwelo muli magulu atatu, Starlock, StarlockPlus ndi StarlockMax, ndipo mpeni wa gulu lapamwamba sulowa pa makina a gulu lapansi. Choncho mawu oti "imalowa paliponse" amangotanthauza kuti imalowa pambiri, ndipo makina anu akhoza kukhala amodzi mwa otsalawo.

Ngakhale mpeni ulowe, pali funso lachiwiri. Yang'anani zilembo zimene zili pampenipo. HCS ndi chitsulo cha matabwa ndi pulasitiki basi, ndipo ndi umene unafera pa msomali uja. BIM ndi zitsulo ziwiri zophatikiza, umapirira msomali wamba ndi chitsulo chopyapyala. Wa carbide ndiye wa zomangira zolimba, ndipo wina wopanda mano, wokhala ndi timiyala m'mphepete, ndi wokumbira simenti ya pakati pa matailosi. Kwathu kuno, kumene thabwa limagwira ntchito katatu lisanapite pamoto ndipo lililonse lili ndi msomali wa mwini wake woyamba, ine ndimaona kuti kugula HCS chifukwa chotchipa n'kutaya ndalama. Makamaka chichokereni November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndiye mpeni wotha tsiku limodzi ndi wodula kuposa wokwera mtengo umene ukhale mwezi.

Nkhani ya mabatire ndi yomweyinso. Magetsi akamavuta munthu amakopeka ndi makina a batire, koma batire ya kampani ina nthawi zambiri silowa pa makina a kampani ina, ngakhale onse alembedwe 18V. A chingwe ochokera ku South Africa amangofuna kusintha pulagi, poti mphamvu ya magetsi ndi yofanana ndi yathu, 230V. A ku America ndi a 120V, ndipo mukawalumikiza pakhoma pathu mudzangomva fungo.

Kumene ndaphunzira zambiri ndi pa sandipepa. Ukachotsa mpeni umamangapo kaphazi ka ngodya zitatu, ndipo pepalalo limamatirira pa tingowe ting'onoting'ono ta pulasitiki, ngati tija ta pa nsapato za ana. Aliyense wogwira koyamba amafuna kukanikiza, poganiza kuti mphamvu ndiyo ifulumizitse. Malume akamva kulira kwa makina kwasintha amakuwa ali uko: "Mphwanga, usakathandize. Kasiye kadye kokha." Akunena zoona. Ukakanikiza pamatentha, tingowe tija timasungunuka, pepala limayamba kuuluka, ndipo kaphazi kameneka n'kovuta kukapeza kuposa mpeni. Pa paini, amene ali ndi utomoni, kutenthako kumamata fumbi pa pepala moti limasalala lisanathe n'komwe. Liwiro lochepetsako, kaphazi kogona bwino pathabwa, dzanja loyenda osaima pamodzi, basi.

Nsonga yakutsogolo ndi imene imatha msanga chifukwa ndi imene imalowa m'makona. Popeza mbali zitatu zonse n'zofanana, umamatula pepala n'kulitembenuza kuti nsonga ina ibwere kutsogolo. Pepala limodzi limagwira katatu. N'kanthu kakang'ono, koma ndaona mnyamata wina akutaya mapepala asanu pa windo limodzi, lililonse mbali ziwiri zili zatsopano.

Manambala a kuseri kwa pepala nawo ali ndi dongosolo lake. Nambala yaing'ono ndi pepala lokhakhala. Wa 60 kapena 80 ndi wochotsera vanishi wakale ndi mabala a pulena, wa 120 amafafaniza mikwingwirima ya woyambayo, wa 180 kapena 240 ndi womalizira usanapake vanishi. Kudumpha kuchoka pa 60 kufika pa 240 sikupulumutsa nthawi, chifukwa pepala losalala silingachotse mizere yakuya, limangoipukuta. Thabwa limaoneka bwino lili louma, koma vanishi akangogwera mizere yonse imatulukira, makamaka pa mlombwa ndi mbawa, mitengo imene kasitomala walipira ndalama zambiri kuti aone maonekedwe ake. Malume amalembalemba thabwa ndi pensulo asanayambe nambala iliyonse. Pensulo ikatha paliponse, ndiye kuti wadutsa paliponse. Kenako amapukuta fumbi asanasinthe pepala, kuopa kuti kamchenga kamodzi ka 80 kangatsale n'kumakanda pansi pa 180.

Ndipo pali ntchito zimene sakalola kuti kafikeko. Pamwamba pa tebulo kapena chitseko chonse, kaphazi n'kakang'ono kwambiri, kamasiya timaenje tosaoneka ndi maso koma tomveka ndi chikhatho. Pamenepo amatenga sandipepa wa mpukutu, kumukulunga pa kachidutswa ka thabwa, n'kumayenda motsatira mitsempha ya mtengo monga ankachitira kometera asanabwere. Makinawa ndi a m'makona a mawindo, m'mipata ya mipando ndi m'mphepete mwa makabati, kumene zala zimatupa.

Chimodzi chimene timakangana ndi fumbi. Iwo amati akhala akulipuma zaka makumi atatu ndipo ali bwinobwino. Ine ndimawauza kuti fumbi la makina ndi losalala kuposa la pamanja, ndipo bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Penti wakale wa pamafelemu akhozanso kukhala ndi mtovu. Pano amavala chophimba pakamwa ndi pamphuno akakhala pa ntchito ya penti, koma pa matabwa wamba amachikoleka pa msomali. Sitinamalizane.

Sindikunena kuti tisagule makina, kapena kuti achibale a kunja asiye kutumiza. Ndikunena kuti ife ophunzira tili ndi chizolowezi choyang'ana chinthu chachikulu chowala, n'kumaganiza kuti zotsalazo n'zing'onozing'ono zoti amisiri athana nazo. Mnyamata wa satifiketi ya TEVETA amene wakhala chaka pashedi amadziwa kufunsa mafunso amene wa digiri safunsa. Mpeni wake ukupezeka ku Limbe kapena mpaka ku Joni? Umodzi umadula mafelemu angati? Kaphazi kakasungunuka ndikagula kuti? Mayankho ake ndi amene amanena ngati mtengo umene mwauza kasitomala uli ndi phindu.

Kwa amene muli ndi m'bale kunja amene walonjeza chipangizo, mupempheni ajambule pomangira mpeni, osati katoni, ndipo mupite ndi chithunzicho m'mashopu a hadiweya musanamuuze kuti agule. Ngati mipeni yake simukuipeza, asankhe mtundu wina kapena atumize ndi paketi yokwana chaka, yambiri ikhale BIM, kuphatikizapo kaphazi kapadera. Ndipo mpeni wakutha musataye. Uwo ndi umene mumapita nawo kushopu, n'kuugoneka pamwamba pa watsopano musanatulutse ndalama.