Ku Kapata, kumene ndalama za caka conse zingathe tsiku limodzi

MWEZI wa Juni ukafika, mphepo yozizira itayamba kutsika m'mapiri ozungulira Chipata, miseu yonse yolowa mumzindawu imadzala ndi anthu a kumidzi. Ena amadza ndi mseu wa ku Lundazi, ena wa ku Chadiza, ena wa ku Mfuwe, ndipo enanso amatsata mseu waukuru wocokera ku Lusaka. Alipo a kwa Mpezeni, a kwa Madzimawe, a kwa Nzamane ndi a kwa Chanje. Ambiri a iwo agulitsa kale nshawa, soya, thonje kapena cimanga, ndipo ndalama ziri pa mfundo ya citenje, m'thumba la m'kati mwa jekete, kapena m'foni. Ulendo wa onsewa umathera malo amodzi: ku Kapata.

Kapata ndi komboni yaikuru ndi yakale ya mu Chipata. Kumeneko kuli msika, ndipo pafupi ndi msikawo pali citeshi ca mabasi. Munthu wa kumudzi akatsika basi, asanasanse ndi pfumbi lomwe, amapezeka kuti ali kale pakati pa malonda. Anyamata a njinga ndi a njinga zamoto amamzinga, wina akuti "Tiyeni atate," wina akuti "Kuno amai." Kutsogolo kwake kuli milu ya tomato, kapenta, nyemba, mbatata ndi nsomba zouma. Akapitirira pang'ono amafika pa mizere ya zitenje zopacikidwa m'mwamba, mapoto owala ngati kalirole, nsapato, mawailesi, mafoni ndi nyali za dzuwa. Kwina kukununkhira nyama yooca ndi vitumbuwa. Ndi malo okondweretsa maso, ndipo palibe colakwa kuti munthu amene wakhala miyezi yambiri ali cowerama m'munda akondwere nawo.

Koma mau akuti cipata, pa Cinyanja, ndi khomo lolowera ndi kuturukira. Anthu ambiri amalowa pa khomo limeneli ndi ndalama za thukuta la caka conse, naturuka madzulo atanyamula katundu amene sanamuganizepo pocoka kunyumba, cimene anadzera asanagule.

Mmene zinaliri kale

Mzinda uno unayamba ndi dzina lakuti Fort Jameson, Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa pa nkhondo ya mu 1898, ndipo unali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Azungu atakhazikitsa msonkho wa nyumba, anthu amene kale anali kusinthana mbeu, mbuzi ndi makasu anayamba kufuna ndalama, motero amuna ambiri anapita kukagwira nchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Amwenye nawo anafika m'zaka zoyamba za m'ma 1900, namanga masitolo ku dera limene mpaka lero lichedwa Down Shops. Akuluakulu akumbukira macona amene anabwera ndi njinga, suti ndi cipewa, nakhala mafumu kwa mwezi umodzi, kenaka nagulitsa zonsezo kuti apeze ya ulendo wobwerera ku nchito.

Kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi mu 1968. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, dziko linalowa m'zaka za kusowa kwa zinthu. Anthu anali kuima pa mizere yaitali pa masitolo a ZCBC ndi Mwaiseni kudikira shuga, sopo, mcere ndi mafuta ophikira. Masiku amenewo munthu anali ndi ndalama m'manja koma katundu kunalibe, ndipo nzeru inali yakuti cinthu ukaciona gula lero, cifukwa mawa sudzacipeza.

Kuyambira 1991 malonda anamasulidwa, ndipo zinthu zinatembenuka. Salaula anasefukira m'misika, katundu wochipa wocokera kunja anafika paliponse, masitolo akuluakulu monga Shoprite anatsegulidwa, ndipo mu 2017 Chipata anakwezedwa kukhala mzinda. Tsopano katundu ndiye amene alondola munthu. Koma mtima uja wakuti gula lero unatsalira mwa ambiri, ngakhale kuti cimene ciri pa msika lero cidzakhalapo ndithu ndi mawa lomwe.

Mmene ndalama imathawira

Ndalama ya mlimi kawirikawiri siithera pa cinthu cimodzi cacikuru. Munthu akafuna kugula ng'ombe kapena malata amaganiza masiku ambiri, nafunsa kwa abale. Cimene cimamaliza ndalama ndi tinthu tating'onoting'ono, timene pa tokha tioneka ngati sitingapweteke munthu.

Pa malo a salaula, belo latsopano likatsegulidwa, anthu amaunjikana, aliyense akukoka cake. Mai amene anadzera yunifomu ya mwana amaona anzake akulimbirana, nayamba kuopa kuti zokoma zitha iye asanatole. Amatola malaya atatu ndi diresi limene sadziwa ndi mwini wake yemwe. Pa tebulo lina wogulitsa amamuika mbasela, ndipo cifukwa ca mbaselayo amagula milu iwiri m'malo mwa umodzi. Bambo naye amaima pa wailesi yolira kwambiri, nakumbukira kuti mnansi wake ali nayo yotere. Wogulitsa akamuchula kuti "abwana", manyazi amamgwira kuti acoke osagula. Pambuyo pake akumana ndi alamu ake amene sanaonane nawo nthawi yaitali, ndipo moni wao umakathera m'nyumba ya mowa. Acinyamata ali ndi msampha waonso, ndiwo nyumba zobecera mpira, kumene munthu amalowa ndi ciyembekezo cakuti K20 ibala K200.

Ogulitsa sali olakwa. Iwonso ali ndi ana ofuna kudya, ndipo kukometsa malonda ndiyo nchito yao. Makolo ananena kale kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpoto wowala ungabooke pa mwezi umodzi, ndipo foni yochipa ingafe mvula isanagwe. Kusiyanitsa cokoma m'maso ndi cofunika pa nyumba ndi udindo wa mwini ndalama.

Masiku ano pali vuto lina limene makolo sanalidziwe. Ndalama ya pa mfundo ya citenje imaoneka ikamacepa, ndipo dzanja limalemera pomasula mfundoyo. Ndalama ya m'foni ilibe kulemera. Tinyumba ta Airtel ndi MTN tiri pa ngodya iriyonse, ndipo munthu angatape katatu tsiku limodzi osazindikira kuti watsala ndi zingati, kuiwalanso kuti potapa paliponse pali kamtengo kake kodulidwa.

Ndalama ya mlimi imadza kamodzi

Wa pa nchito ya malipiro akaononga ndalama mwezi uno, amadikira masiku 30 nalandiranso. Mlimi wodalira mvula amalandira kamodzi pa caka, ndipo ndalamayo iyenera kuyenda ulendo wa miyezi 12. Apa ndipo pagona nkhani yonse.

Mu Okutobala ndi Novembala pafunika mbeu ndi feteleza. Monga mwa malangizo a alangizi a zaulimi, lima imodzi ya cimanga, imene ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ifuna thumba limodzi la D Compound la makilogalamu 50 ndi thumba limodzi la Urea. Amene ali pa ndondomeko ya Boma ya FISP, imene inayamba mu 2002, ayeneranso kulipira gawo lao nthawi isanathe, apo ai mwai uwapitirira. Mu Disembala pafunika ya aganyu opalira. Mu Januwale ana abwerera ku sukulu, ndipo ngakhale Boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022, yunifomu, nsapato ndi makope zikali pa mutu pa kholo. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene nkhokwe zimapepuka, malungo nacuruka, ndipo mtengo wa cimanga umakwera.

Pa nyengo imeneyi anthu omwe aja amaonekanso ku Kapata, koma ulendo uno abwera kudzagulitsa. Wailesi ija, njinga ija, ngakhale mbuzi, zimapita pa mtengo wolira. Ena amagula ndi ndalama zambiri cimanga conga cimene anagulitsa mochipa mu Juni. Ena amagwa m'manja mwa a kaloba, amene ciongoladzanja cao cimadya zokolola zisanace. Ena amasiya minda yao ikumera chire napita kukagwira ganyu m'minda ya anzao, motero njala ya caka cino imabala njala ya caka camawa. Cilala ca mu 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaonetsa poyera kusiyana kwa banja limene linasungako kanthu ndi limene linadyeratu zonse.

Amene amabwerera ndi cimene anadzera

Pakati pa khamu la ku Kapata alipo anthu ena amene kayendedwe kao n'kosiyana. Sathamangira phokoso. Amalowa, nafunsa mtengo pa malo awiri kapena atatu, kufikira ku Saturday Market ndi ku Down Shops ngati kufunika, nagula, nabwerera dzuwa likali m'mwamba. Iwowa si olemera kuposa anzao. Kusiyana kwao n'kwakuti msika wao anauyambira kunyumba.

Coyamba, asanagulitse thumba ndi limodzi lomwe, amapatula cakudya ca banja cofikira zokolola zina, nacithira mankhwala oteteza ku anankafumbwe. Caciwiri, mwamuna ndi mkazi amakhala pansi pamodzi, popeza onse awiri anagwira khasu, nagwirizana colinga ca caka cimeneco: kaya ndi malata, kaya ndi ng'ombe ya pa goli, kaya ndi mwana wopita ku koleji. Banja lokhala ndi colinga cimodzi cochulika dzina silivutika kukana zinthu zina, cifukwa lidziwa cimene likukanira.

Cacitatu, amalemba pa pepala zimene akukagula ndi mtengo wake, ndipo ngati sadziwa kulemba, mwana wa sukulu amawalembera. Amanyamula ndalama yokwanira zolembedwazo, ya ulendo ndi ya cakudya ca masana, yotsalayo naisiya. Cacinai, amayamba kugula cacikuru. Wogula feteleza ndi mbeu m'mawa angayende m'mizere ya salaula masana popanda mantha, pakuti zofunika ziri kale m'manja. Cacisanu, akaona cinthu cokopa mtima cimene sicinalembedwe, amati adzacigula ulendo wina. Kawirikawiri pofika ulendo winawo mtima umakhala utazizira, ndipo ngati ukali kucifuna, ndiye kuti n'cofunikadi.

Anthu otere saiwala kukondweretsa banja. Amaika padera kandalama ka citenje ca amai, nsapato za atate ndi masiwiti a ana, ndiponso ka pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti kapena pa Ncwala ku Mtenguleni mu Febuluwale. Cisangalalo cokonzekera sicisiya cisoni m'mbuyo.

Ndalama yotsala amaiika pamene dzanja silifika msanga. Ena ali m'cilimba, mmene anthu amasonkha nalandira mosinthana. Ena ali m'timagulu tosunga ndi kubwereketsa ta m'midzi, timene timagawana pakutha pa caka, ndipo magulu anzeru amaika tsiku logawana pafupi ndi nthawi yogula feteleza. Ena amasunga ku mabanki monga Zanaco ndi NatSave, ndipo ena amagula mbuzi kapena nkhumba zimene zimaswana. Pang'onopang'ono ndi mtolo: munthu wopita ku tauni kawiri pa mwezi, akaleka kutaya K50 pa ulendo uliwonse, pakutha pa caka ali ndi K1,200.

Msika wa Kapata ndi cuma ca cigawo ca Kum'mawa. Umadyetsa mabanja ambirimbiri a mumzinda, ndipo umapatsa mlimi pogulitsira ndi pogulira. Palibe cifukwa couopera kapena kuuthawa. Cofunika n'cakuti banja liri lonse limene likonzekera ulendo wa kumeneko likhale pansi usiku wake, liwerenge miyezi imene yatsala kuti cimanga catsopano cice, ndipo ligawire mwezi uliwonse gawo lake ndalama isanacoke pakhomo.