Nyali yomvera mawaya awiri

Abale anga akunyanja, makamaka inu a ku Nkhata Bay amene mumandifunsa kuti kodi ku Cape Town kuno ndimagwira chiyani kwenikweni: ndimakonza zamagetsi m'sitima zapamadzi. Sabata ino nyali imodzi yandidyera masiku awiri, ndipo masiku onsewo mtima unali kwathu.

Nyali yake ndi yaikulu ija younikira patali usiku, yokhala padenga pa chipinda cha kaputeni. Palibe amaigwira. Ili ndi timamota tiwiri, kena koitembenuza kumanja ndi kumanzere, kena koiweramitsa ndi kuidzutsa. Kaputeni amangokankha kandodo pa panelo ali m'kati, khofi ali kumanja. Kwa sitima zopita ku Antarctica, zimene zina zimanyamukira padoko lomwe lino, si zamanyado ayi. Lamulo la Polar Code, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2017, limafuna nyali ziwiri zotere, kapena njira ina yoonera madzi oundana mumdima.

Nditangofika ndinkayembekeza kupeza mtolo wa mawaya pakati pa panelo ndi nyali. Ndinapeza awiri okha opotana, A ndi B. Njira imeneyi ndi RS-485. Awiri omwewo amafika mamita 1,200 ukamatumiza uthenga mosathamanga, ndipo pamzere umodzi pamakwana zipangizo 32. Kunsonga zonse ziwiri timaikako resistor ya ma ohm 120, kupanda kutero uthenga umabwerera ngati mawu m'phanga n'kusokoneza unzake.

Komatu waya ndi msewu chabe, chilankhulo n'china. Nyali zina zimamva Modbus, yomwe inayamba mu 1979. Yangayi imamva Pelco-D, chilankhulo cha makamera achitetezo. Lamulo lililonse ndi ma byte 7. Loyamba ndi FF, ngati "odi" wapakhomo. Kenako nambala ya nyali imene ukuitana, awiri onena chochita, awiri a liwiro, ndi lomaliza lotsimikizira kuti zonse zafika zathunthu. Lomalizali likapanda kugwirizana, nyali imangoti duu, osayankha, osadandaula. Ndipo ukaiuza kuti "kumanja", imapitabe kumanja mpaka itamva "ima".

Masiku awiri aja ndinalakwa ndine. Opanga zipangizo sagwirizana kuti A ndi uti, B ndi uti. Wina A wake ndi B wa mnzake. Ndinalumikiza motsatira zilembo. Nditatembenuza mawaya, zii ndithu, poti panelo inkalankhula pa baud 9,600 pamene nyali inkamvetsera pa 2,400. Zonse zinali zamoyo, zongosamvana.

Tsopano kwathu. Amene munatsikapo Ilala usiku pa Likoma mukudziwa: sitima inkaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, katundu pamutu, mwana kumbuyo. M'maboti amatabwa amene ndinakuliramo, "panelo" ndi pakamwa pa woyendetsa, "mota" ndi mnyamata woima kutsogolo ndi tochi. "Iwe, unika uko! Pansi! Osati m'maso mwanga!" Kukakhala bata zimayenda. Mwera ukabwera, injini ikulira, mawu amathera m'mphepo, mnyamata dzanja limodzi wagwirira boti, kuwala kukuvina paliponse. Pamenepo ndimavomereza kuti kuno anatiposa, ndipo sindichita manyazi kunena.

Koma mnyamata uja ali ndi chimene nyali ya kuno ilibe: maso. Akaona mwala kapena bwato lopanda nyali, sadikira FF, amaunika yekha n'kukuwa. Taganizaninso za siginala wa usipa, amene amakhala m'bwato lake ndi nyali, kale za Tilley, masiku ano mababu a batire. Iye ndiye amauza a chilimira nthawi yoponya ukonde, chifukwa ndiye akuona mmene nsomba zasonkhanira. Kumeneko wonyamula nyali ndiye wolamula. Kuno nyali ndi wantchito wosaona, ndipo waya ukaduka ili m'kati motembenuka, ina imapitirira mpaka italoza kumwamba ngati yasokonezeka mutu. Zabwino zimaima zokha zikaona kuti panelo yakhala chete. Pogula muzifunsa zimenezi.

Achimwene ena eni boti andilembera kuti akufuna yotereyi. Sindikukukanizani, koma mverani. Nyali zakale za ma relay, zimene waya aliyense ali ndi ntchito yake, mmisiri wa zamagetsi za galimoto pa Mzuzu amazikonza ndi tester basi. Za mawaya awirizi zimafuna laputopu, kachipangizo kolumikiza USB ku RS-485, ndi pepala lofotokoza malamulo a nyaliyo. Makampani ena pepalalo sapereka. Panelo ikapsa, umagulanso kwa iwo okha, n'kudikira miyezi kuti ifike. Wogulitsa akakana kukupatsani pepalalo, musiyireni nyali yake. Akakupatsani, mnyamata wodziwa Arduino angakupangireni panelo ina ndi ndalama zochepa.

Ine ndikubwera mu Disembala. Kachipangizo ka USB kaja ndagula tiwiri, kena ndidzasiya kumeneko. Achimwene, mundijambulire kaye pamene mukufuna kumangirira nyaliyo, ndi batire imene muli nayo, ndione ngati ingapirire usiku wonse.