Ndinakafuna mwini nkhope ya pa K50 ku Lizulu

Tsiku lina ndikuphunzitsa mbiri ya dziko lathu mu Fomu 3, ndinatulutsa K50 m'thumba n'kufunsa ana kuti nkhope ili pamenepo ndi ya ndani. Kalasi yonse inangoti zii. Komatu ndalama yomweyi amaipatsira tsiku ndi tsiku pogula zitumbuwa pamsika wa Chitedze. Manyazi anagwira ine, chifukwa nanenso chimene ndinkadziwa ndi dzina lokha: Inkosi ya Makhosi Philip Zitonga Gomani II.

Tchuthi chitafika ndinakwera minibasi kupita m'tauni, kenaka basi ya msewu wa M1. Tinadutsa pa Nathenje, Linthipe ndi Dedza mpaka pa Lizulu m'boma la Ntcheu, pomwe pali likulu la Angoni a Maseko. Mphepo ya kumeneko imalowa m'mafupa. Kachewere, kabichi ndi tomato zinali mbwee m'mbali mwa msewu, ndipo kungodumpha phula ndiye kuti waponda ku Mozambique.

Angoniwa anachoka kummwera kwa Africa m'zaka za nkhondo za Shaka. Anayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, n'kubwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga kudzakhazikika cha kuphiri la Domwe. Pambuyo pake analamula Chikuse, ndipo mwana wake ndiye Gomani woyamba. Iyeyu anakana kugonjera Azungu, ndipo asilikali a boma la Britain anamupha mu 1896. Angoni amasonkhana chaka ndi chaka ku Nkolimbo pamwambo wa Umhlangano kukumbukira makolo awowa.

Wa pa K50 uja ndi mwana wa mfumu yophedwayo. Mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma, makamaka a malimidwe. Boma linamuvula ufumu. Ali wodwala anathawira ku Mozambique limodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi anamubweza. Anamwalira mu 1954 osaona ufulu umene anauvutikira. Mwana wake Willard, Gomani III, analowa ndale nakhala phungu wa nyumba ya malamulo. Gomani IV, Kanjedza, anamwalira mu 2009. Amene ali pampando lero, Gomani V, anavekedwa ufumu mu 2012 akadali mnyamata.

Ndisabise, ulendo wonsewu mtima wanga unali pawiri. Ine ndine Mchewa. Agogo anga akazi ankatisimbira madzulo momwe makolo athu ankabisalira m'malinga ndi m'mapiri akamva kuti Angoni akubwera, nkhokwe n'kutsala zopanda kanthu, ana ena n'kutengedwa osabwereranso. Kaya anali a Maseko kaya a Mpezeni, kwa agogo onse anali nkhondo basi. Ndiye ndikawauza chiyani ana anga, ngwazi kapena olanda?

Ndinakhala pansi kudya chimanga chootcha ndi bambo wina wachikulire wogulitsa anyezi. Nditamuuza za agogo, sanakane kanthu. Anangoti, "Aphunzitsi, agogo anga aakazi nawonso anali Mchewa wogwidwa pankhondo. Nanga Chichewa tikuyankhulachi tinachitenga kuti?" Ndinasowa poyankha.

Nditabwerera ku Chitedze ndinawafotokozera ana zonse ziwiri: nthungo zimene zinaliza makolo athu, ndi mfumu imene inataya mpando wake pokana kuti dziko lino lilamulidwe kuchokera ku Salisbury. Mtsikana wina anafunsa chifukwa chake mabuku athu amangodutsa nkhaniyi mothamanga. Funsolo ndikulipereka kwa inu okonza maphunziro. Aphunzitsi anzanga, Lizulu si kutali. Ngati sitingathe kupita ndi ana, tiyambe ndi K50 ili m'thumba mwawoyo.