Sukulu ya pakati pa nyanja ikumbukira mphunzitsi wake

Munthu amene wafika m'boma la Mecanhelas mwezi wa October amalandiridwa ndi fumbi ndi dzuwa loswa mtengo. Bomali lili kummwera kwa chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique ndipo kumadzulo lachita malire ndi Malawi. Dera lalikulu ndi lachidikha, loti maso amapita kutali osapeza chowatchinga kupatula mapiri apatalipatali ndi mitengo ya mango yosonyeza pamene pali mudzi. Likulu la bomali ndi tauni ya Insaca.

Ngakhale fumbi ndilo limayamba kuoneka, madzi ndiwo amalamula moyo wa kuno. M'malire muli nyanja ya Chilwa, imene a ku Mozambique amailemba kuti Chirua. Nyanjayi ilibe mtsinje wotuluka, ndipo n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere. Chakumpoto kuli nyanja ya Chiuta, imene madzi ake amalowera ku Amaramba, kumene kumayambira mtsinje wa Lugenda. Pakati pa Chilwa ndi Chiuta pali mtunda wamchenga, ndipo pamtundapo ndi pamene padadutsa njanji yolumikiza Malawi ndi doko la Nacala, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1970. Mbali ya Malawi kuli Nayuchi, mbali ya Mozambique kuli Entre Lagos, dzina la Chipwitikizi lotanthauza pakati pa nyanja. Kuchoka pa Entre Lagos kukafika ku Cuamba njanjiyi ndi yotalika makilomita 77, ndipo sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize zimadutsa pomwepa.

M'mudzi wina wa m'mbali mwa njanjiyi muli sukulu ya pulayimale yosasiyana ndi zinzake za kuno: zipinda ziwiri za malata, china cha udzu, mbendera pabwalo, ndi mtengo waukulu wa mango umene nawonso ndi kalasi. Pambali pali chipinda cha njerwa zootcha chimene chidafika pa mtanda koma chilibe denga. Mlendo akafunsa za chipindachi, anthu amayamba akhala chete, kenaka amamuuza za aphunzitsi awo amene adamwalira dzinja lapitali asanakwanitse zaka 30.

Tsiku la 12 October ndi tsiku la aphunzitsi m'dziko lonse la Mozambique. Nthawi zonse limakhala la magule, mpira ndi chakudya. Pasukuluyi tsikuli lidayamba mwa mtundu wina. Ana adaika mpando pansi pa mango uja, adauyalira nsalu, n'kuikapo choko ndi kope la malemuwa. Kudabwera amfumu, akuluakulu a mpingo ndi a mzikiti, amayi a ana kumsana, ngakhalenso asodzi amene kawirikawiri sapezeka pa misonkhano ya sukulu.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake mudzi wonse udasiya ntchito chifukwa cha mnyamata wobwera, ayenera kukumbukira kumene derali lachokera. Nkhondo ya pachiweniweni, imene idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, idasiya masukulu a pulayimale oposa theka m'dzikomo ataphwasulidwa kapena kutsekedwa. Aphunzitsi ambiri a m'midzi adaphedwa kapena kuthawa. Anthu oposa miliyoni imodzi adawolokera ku Malawi, ndipo a ku Mecanhelas adali pakhomo penipeni. Ana ena adayamba sukulu m'Chichewa ku Malawi, ndipo pobwerera kwawo nkhondo itatha adapeza kuti ayenera kuyambiranso m'Chipwitikizi. Ambiri adalekera pomwepo. Ana a nthawi imeneyo ndiwo makolo ndi agogo a lero, ndipo akudziwa bwino kuwawa kwa kudinda chala pamene anzawo akusaina.

Malemuwa adafika pamudzipa atangomaliza maphunziro auphunzitsi, atanyamula chikwama chimodzi, mphasa ndi ndowa. Kwawo kudali kutsogolo kwa Cuamba, ndipo ankalankhula Chimakuwa ndi Chipwitikizi. Ana ambiri a pasukuluyi amabwera akudziwa Chinyanja, ena Chiyao kapena Chimakuwa, koma buku limawalankhula m'Chipwitikizi. Boma lidayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'chigawo cha Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo m'chaka cha 2003 lidayamba maphunziro a zinenero ziwiri m'masukulu ena, koma ndondomekoyi sidafike paliponse. Aphunzitsiwa sadadikire. Adapangana ndi ana kuti iwo akawaphunzitsa mawu asanu a Chipwitikizi, anawo awabwezere asanu a Chinyanja. Ana ankagwa ndi phwete pomva aphunzitsi awo akupotoza mawu, koma mwana amene wakonza aphunzitsi ake sachitanso mantha kutsegula pakamwa. Pakutha pa chaka, mnyamatayu ankatha kupepesa maliro m'Chinyanja osakhumudwa lilime.

Masamu ankawatenga pa zimene ana amaona. Sitima ya malasha ikamadutsa, phokoso lake limaimitsa phunziro lililonse. M'malo mokwiya, iwo ankatulutsa ana kuti awerenge mabogi, kenaka n'kuwapatsa ntchito yochulukitsa ndi kugawa nambala yomweyo. Ankawawerengetsanso ndalama ziwiri zimene zimayenda m'misika ya m'malire, metikali ndi kwacha, kuti mayi akamagulitsa mpunga kapena usipa wa kutsidya, mwana wake azitha kumuuza ngati wogula wamubera.

Mdani wamkulu wa sukulu kuno ndi nyanja. Matemba, milamba ndi makumba zikachuluka, mnyamata wa zaka 12 amaona kuti kukoka khoka kumabweretsa ndalama lero pamene kope limalonjeza za mtsogolo. Ena amapita kukakhala m'zimbowera, timisasa tomanga pamadzi m'kati mwa bango, ndipo amatha miyezi osaonekera kumudzi. Loweruka aphunzitsiwa ankapalasa njinga mpaka kudoko. Sankakalipa. Ankakhala pansi ndi eni makoka, kuthandiza kusoka ukonde, kenaka n'kufunsa akuluakulu kuti asimbe za 1968 ndi 1995, zaka zimene Chilwa idauma, ndi za 2018 pamene madzi adathawanso n'kusiya mabwato pa matope ong'aluka. Akuluakuluwo akamaliza kusimba, funso loti mwana wodziwa khoka lokha adzadya chiyani nyanja ikadzaumanso linkadziyankha lokha. Eni makoka ena adavomera kuti ana azibwera kudoko pa tchuthi pokha.

Za atsikana ankayenda nazo mosamala, podziwa kuti iwo ndi mwamuna komanso mlendo. Mtsikana akasowa m'kalasi sabata yathunthu, ankapita kwa amayi a m'komiti ya sukulu ndi kwa anankungwi, ndipo amayiwo ndiwo ankalowa m'nyumba. Amfumu adawafotokozera za lamulo la 2019 loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18, ndipo adachita izi mwaulemu, atavula chipewa, pabwalo la amfumu lomwe. Atsikana angapo amene akanakhala pabanja lero adaima kutsogolo pa tsiku lokumbukira lija atavala yunifolomu.

Imfa yawo idabwera ngati nthabwala. Lachitatu adaphunzitsa akudandaula mutu. Lachinayi adabwera atafunda jekete dzuwa likuwala, ndipo anzawo atawauza kuti apite kuchipatala adati ayambe amaliza mayeso a ana. Usiku wa Lachisanu thupi lidatentha kwambiri mpaka adayamba kubwebweta. Idali nthawi ya mvula yosalekeza. Amene adaona zimene namondwe wa Freddy adachita m'chigawochi mwezi wa March 2023 akudziwa m'mene dambo la kuno limasandukira nyanja, ndipo ngakhale chaka chopanda namondwe timitsinje timadula njira. Njinga yamoto idakanika kuwoloka. Anyamata a m'mudzi, ena mwa iwo omwe aja adawachotsa kudoko, adamanga machira n'kuwanyamula pamapewa, madzi ali m'chiuno. Adafika kuchipatala kukucha, koma malungo adali atakwera kale kumutu. Dzuwa lisanafike paliwombo uthenga udabwerera kumudzi.

Maliro n'kulirana. Mbale idayenda nyumba ndi nyumba, ndipo mudagwa ma metikali, ma kwacha, mpunga, ufa ndi nkhuku. Asodzi adapereka za tsiku lonse. Ndalamazo zidagula bokosi ndi kulipira galimoto imene idatenga thupi kupita kwawo madzi ataphwera. Amfumu adatuma akuluakulu anayi kuti akaperekeze ndi kukauza make wa mnyamatayo kuti mwana wawo sadakhale ngati mlendo. Motero mudziwu ulibe manda oti n'kulozapo. Chimene uli nacho ndi chipinda chopanda denga chija, chimene njerwa zake malemuwa adaumba pamodzi ndi makolo chilimwe chatha, matope ali m'mawondo.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, amatero akuluakulu. Chimene chikudetsa nkhawa makolo n'chakuti ntchito ya mlendoyu ingakamuke naye limodzi. Kalasi yawo idaphatikizidwa ndi ina, ndipo mphunzitsi mmodzi akusenza ana a anthu awiri, m'mawa ndi masana. Anyamata ena abwerera kale kuzimbowera. Njinga ya Loweruka ija palibe akuipalasa.

Pamwambo uja nkhaniyi sidabisidwe. Mkulu wina wa m'komiti adakumbutsa anthu kuti misozi sifolera nyumba, ndipo mvula yoyamba siili kutali. Adagwirizana zinthu zitatu. Banja lililonse lipereke kangachepe pa malonda a mpunga ndi nsomba kuti malata agulidwe mwezi wa November usanathe. Eni makoka awiri adalonjeza kuti iwo eni ndiwo azibweza mwana aliyense wopezeka kudoko tsiku la sukulu. Chachitatu chidachokera kwa amayi: mphunzitsi kapena mwana akangotentha thupi, apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo mudzi usamvere zoti ayambe wamaliza ntchito. Malungo amachizika akapezeka msanga, ndipo ichi ndicho chikuwawa kwambiri mitima ya anthu pano.

Mwambo uli pafupi kutha, sitima ya malasha idalira chakumadzulo. Popanda wowauza, ana adatembenukira kunjanji n'kuyamba kuwerenga mabogi mokweza m'Chipwitikizi, monga adazolowera. Akuluakulu adawasiya mpaka bogi lomaliza litadutsa, ndipo amfumu adatseka ndi pemphero.

Wodutsa pa njira ya ku Entre Lagos dzinja likubwerali adzayang'ane chakumanja kwa mango uja. Akadzaona malata akunyezimira pa chipinda cha njerwa, adzadziwe kuti mudzi wasunga pangano lake. Mzimu wa aphunzitsiwa uuse mumtendere.