Foni imene inafa ku Dublin inakadzuka ku Katondo

Abale anga a ku Kanakantapa, ndikuuzeniko za foni ija ndinatumizira amayi.

Batire yake itatupa, ndinapita nayo kushopu ina kuno ku Dublin. Mnyamata wa pakauntala anangoitembenuza kawiri n'kunena kuti bola ndigule ina. Sanali kunama. Kuno ola limodzi la mmisiri ndi lodula, ndipo foni zamasiku ano amazimata ndi guluu, moti kungoitsegula kokha ndi ntchito. Tinkafuna foni zopyapyala zosalowa madzi, ndiye walira mvula walira matope.

Nditaitumiza kumudzi, mlongo wanga anakwera nayo basi mpaka ku Katondo Street mu Lusaka. Wokonza wa pakatebulo anaiwotcha kumsana ndi kamakina ka mpweya wotentha, guluu n'kufewa, anaikanula ndi kapulasitiki, n'kuikamo batire yochokera m'foni ina yosweka galasi. Lero amayi akulandirira ndalama pa foni yomweyo, akuitchaja pa sola.

Musaganize kuti zinthu zimangofa zokha. Mu 1924 makampani akuluakulu a mababu, monga Osram ndi Philips, anapangana kuti babu lisamapitirire maola 1,000. Mu 2020 dziko la France linalipiritsa Apple mayuro 25 miliyoni chifukwa chochedwetsa ma iPhone akale osawauza eni ake. Chinthu chikakhalitsa, wogulitsa amagona ndi njala.

Chondiseketsa n'chakuti azungu tsopano akufunafuna zimene ife sitinataye. Ku Amsterdam anayambitsa Repair Café mu 2009, kumene anthu amasonkhana kuti akonzerane maketulo ndi mawailesi kwaulere. Kuyambira June 2025, lamulo la European Union likuti foni yatsopano izikhala ndi masipeya kwa zaka 7 atasiya kuigulitsa.

Komabe tisadzitame. Kwathu timakonza chifukwa thumba ndi lopepuka, ndipo luso tili nalo koma lamulo lotiteteza kwa opanga ndi limene likusowa. Mmisiri wa ku Katondo angasinthe batire ndi galasi, koma opanga akasiya kutumiza mapulogalamu atsopano, foni imayaka bwinobwino pamene za mkati zikukana kutseguka. Pamenepo ngakhale iye amagwira njakata.

Choncho anzanga muli kunjanu, musanatumize foni kumudzi, yambani mwafunsa kuti mapulogalamu ake atsala ndi zaka zingati. Ya amayi yatsala ndi chaka chimodzi. Ndayamba kale kusunga ndalama.