Galimoto ikakhala pansi

Galimoto za m'Kabwe zafupika msinkhu. Imani pa Big Tree, mkuyu uja wa pakati pa tauni, muone zimene zikudutsa: Vitz, Allion, Spacio, Mark X, zonse mimba ili pafupi kukhudza phula. Ndili mwana m'zaka za m'ma 1970 misewu yomweyi inali ya Peugeot 404 ndi 504, Land Rover, ndi tima Datsun 1200 tonyamula katundu. Mpira ukalowa kunsi kwa Land Rover tinkakwawira komweko n'kuutenga, msana osakhudza chitsulo.

Komatu kutalika kumeneko sikunali kwa muyaya. Eni ake ankazisenzetsa matumba a chimanga ndi makala kuchokera ku Chibombo, ena n'kumapita nazo ku damu la Mulungushi mumsewu wa fumbi, mpaka galimoto inkayamba kukhala pansi kumbuyo kapena kupendekera mbali imodzi. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975 ndalama zakunja zinasowa, masipeya nawonso anasowa m'masitolo. Kugula sipuling'i yatsopano linali loto. Chimene chinatsala n'kukonza yomwe ilipo.

Amalume anga ankagwira ntchito ku mashopu a njanji, poti likulu la Zambia Railways lili konkuno, ndipo Loweruka ankakonza galimoto za anthu pabwalo la nyumba yawo ku Bwacha. Ine ndinali wopatsira masipanala. Munthu akabwera nayo yopendekera, mawu ake ankakhala amodzimodzi: "Bambo, mashoko atha." Amalume sankatsutsa. Ankangoti aikankhire pakhonde la simenti pomwe panali posalala, atsitse zonse zam'buti, apope matayala onse mofanana. Kenako ankaigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike, n'kutenga tepi. Ankayeza kuchokera pakati penipeni pa wilo kukafika pamlomo wa madigadi, mawilo onse anayi, manambala n'kumalemba ndi choko pansi. Kuyeza kuchokera pansi ankakana, chifukwa tayala lodyeka kapena lochepa mpweya limanamiza.

"Mphwanga, shoko sinyamula galimoto," ankandiuza choncho mwini wake atapita kukagula fodya. "Shoko ntchito yake n'kuletsa kudumpha. Chonyamula ndi sipuling'i." Galimoto ikamangonjanja mukaikankhira pansi n'kuisiya, pamenepo ndiye mashoko atha. Ikakhala pansi koma osanjanja, vuto lili kwina.

Kwinako kunali kochuluka. Pa Datsun ndi Land Rover, zimene masipuling'i ake ndi zitsulo zosanjikizana, ankayamba wapukuta matope n'kuona ngati chitsulo china chathyoka pafupi ndi bawuti ya pakati. Ankayang'ana mabushi a kumapeto ngati adyeka, ndi pomwe sipuling'i imagwirira kuchasisi ngati dzimbiri lapadya. Ambiri sankakhulupirira akamva kuti kupendekera kwa kutsogolo kumanja gwero lake lingakhale kumbuyo kumanzere. Kuti atsimikize, amalume ankanyamula kumbuyo ndi jeke pakati penipeni. Kutsogolo kukawongoka, ndiye kuti wolakwa ali kumbuyo. Zambiri zinkagwera kumanja, mbali ya dalaivala, poti ndi komwe kumakhala munthu tsiku ndi tsiku.

Sipuling'i ikakhala kuti yangotopa, ankaimasula yonse, zitsulo n'kuziyala motsatana msinkhu. Ankajambula ndi choko pasimenti kupindika kumene ankakufuna. Chosulirapo chinali zidutswa ziwiri za njanji zogonekedwa moyandikana. Chitsulo ankachiika pamwamba pa mpata wake n'kumachimenya ndi hamala yaikulu, pang'onopang'ono, akuchisuntha pang'ono nkhonya iliyonse, kenako n'kuchiyeza pachojambula chija. Moto sankaufuna n'komwe. Chitsulo cha sipuling'i chikapsa chimafewa, ndipo galimoto imakhalanso pansi isanafike ndi ku Kapiri Mposhi komwe. Mbali ziwiri zonse ankazisula limodzi, ngakhale yodwala ikhale imodzi. Kwa onyamula katundu ankawonjezera chitsulo chimodzi chochotsedwa pagalimoto yakufa. Pomaliza, mabawuti a mabushi ankawamanga galimoto itaima pamawilo ake, osati ili pajeke, kuopa kupotokola labala.

Phokoso lake linali losautsa, ndipo azakhali sanaikonde ntchito imeneyi. Ndinenenso kuti sipuling'i yosula sinali yatsopano. Inkapirira chaka kapena kupitirirapo pang'ono, mwini wake n'kubweranso. Galimoto yowonjezera chitsulo ikakhala yopanda katundu inkagunda ngati ngolo ya ng'ombe. Amene amati zakale zonse zinali zabwino sanakwerepo kumbuyo kwa Datsun yoteroyo.

Zina zinali zosavuta. Hiace ndi Isuzu KB zambiri kutsogolo zili ndi ndodo yachitsulo yopotoka, ya torsion bar, yokhala ndi bawuti yosinthira: mukaimanga galimoto imakwera, mukaimasula imatsika. Koma mukatero mawilo amasintha kaimidwe, ndipo osakawongoletsa ndiye kuti matayala adyeka mbali imodzi. Masipuling'i ozungulira a 504 ya saluni analibe mankhwala. Akatopa, kunali kusaka ena pa 504 yochita ngozi.

Zinthu zinatembenuka boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 n'kutsegula malonda. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa m'Kabwe muno unatsekedwa mu 1994, njanji inachepetsa antchito, ndipo amisiri ambiri odziwa chitsulo anabalalika. Fakitale ya ku Livingstone yomwe inkalumikiza ma Fiat ndi ma Peugeot nayonso inafa. M'malo mwake munayamba kulowa galimoto zogwirapo kale ntchito ku Japan, zotsikira padoko la Dar es Salaam n'kudzera pa Nakonde, ndipo zopita ku Lusaka zimadutsa m'Kabwe momwemuno. Aphunzitsi ndi anamwino amene makolo awo sanalotepo galimoto anagula zawo. Zimenezo sindingazidandaule.

Chimene chinasintha ndi funso lake. Kale galimoto inkabwera yaitali, n'kutsika ndi ukalamba, mmisiri n'kuibwezera pomwe inali. Za lero zimabwera zazifupi kale, zopangidwira misewu ya Nagoya, ndipo zikafika m'makwalala a ku Makululu ndi Katondo nthawi ya dzinja, kapena pamahampu, zimakhula mimba. Mankhwala ake ndi masipesa, timphete ta labala kapena aluminiyamu toika pamwamba pa sipuling'i. Tochepa timathandizadi. Koma ena amaika tokhuthala kwambiri, shoko n'kumakhala yotambasuka nthawi zonse, ma CV joint n'kumagwira ntchito atapendeka, pakangopita miyezi galimoto yayamba kulira pokhota. Ndaonapo mnyamata akuika masipesa pa Corolla yomwe sipuling'i yake imodzi inali yothyoka kunsi. Tepi sanaigwire. Galimoto inakwera ndithu, koma inatuluka pagalaja ili chipendekere.

Osula masipuling'i sanatheretu. Ma Canter, ma Hilux ndi mathiraki akadali ndi zitsulo zosanjikizana kumbuyo, choncho hamala imamvekabe m'magalaja ena a kuseri kwa misika. Amene akusunga Land Rover yakale kapena 504 yonyamula katundu amapita komweko, n'kukadikira mpaka a ma Canter athandizidwe, poti amenewo ndiwo amabweretsa ndalama sabata ndi sabata.