Ngongole ya Msungichuma wa ku Zengeza

Ku Zengeza, m'tauni ya Chitungwiza, kuli bambo wina wa imvi amene amasunga ndalama ya pepala m'kati mwa Buku Lopatulika lake. Ndalamayo ndi ija ya madola a Zimbabwe mathiriliyoni 100, imene idatuluka mu Januwale 2009, ndipo lero palibe sitolo imene ingailandire. Adzukulu ake akaiona amaseka. Iye saseka nawo, chifukwa pepalalo limamukumbutsa mlandu umene adausenza yekha zaka ziwiri, ndi mmene adautulira.

Makolo a bamboyu adali a ku Dedza. Bambo ake adalowa m'dziko la Southern Rhodesia m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya, monga ankachitira anyamata ambiri a ku Nyasaland pofuna ndalama za msonkho ndi zovala m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Adalinga kukhala zaka ziwiri zokha, koma adatchona. Mwana wawoyu adabadwira pafamu, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 adasamukira ku Chitungwiza, tauni ya kummwera kwa Harare imene idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's. Ku Dedza sadapondeko. Chuma chimene adalandira kuchokera kumeneko ndi chinenero ndi mpingo basi.

Mpingowo ndi wa CCAP. Amishonale a Dutch Reformed Church adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo akhristu a kumeneko atachuluka ku Salisbury adapempha mbusa wowalalikira m'chinenero chawo. Mbusa T.C.B. Vlok, mmodzi wa amene adatsegula Mvera, adafika mu 1912. Mipingo ya ogwira ntchitowa idakula mpaka kukhala sinodi payokha mu 1965, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Mmenemo ndi mmene bamboyu adalowera kalasi, naloweza katekisma ali mnyamata. Mayankho onse okhudza tchimo ndi chipulumutso ankawadziwa pamtima, koma ankawadziwa monga mwana adziwa dzina la nyanja imene sadaionepo.

Kwa munthu wobwera, wopanda mudzi ndi manda a makolo, imfa imaopsa kawiri. N'chifukwa chake anthu ochokera ku Malawi adadziwika kalekale ndi mabungwe a maliro. Mwezi ndi mwezi amasonkha kangachepe, kuti tsoka likagwa papezeke bokosi, ufa, ndiwo ndi galimoto yonyamula mtembo. Bamboyu adali msungichuma wa limodzi la mabungwe otere kwa zaka zambiri. Kaundula wake adali wosakayikitsa, ndipo anthu adafika posiya kumufunsa. Ankati ndalama ikalowa m'manja mwake yalowa m'nkhokwe.

Kenaka zinthu zidatembenuka. Mu 2005 kudabwera Operation Murambatsvina, imene malinga ndi lipoti la nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka, idasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena popezera ndalama. Tizipinda tiwiri timene bamboyu ankachititsa lendi kuseri kwa nyumba yake tidagwetsedwa. Ntchito ya kufakitale idatha. Pofika 2008 mitengo ya zinthu inkasintha pakati pa mmawa ndi madzulo, ndipo mashelefu a m'masitolo adali mbee. Mamembala a bungwe lija adapangana kuti msungichuma atenge zonse zimene zidalipo azisinthe kukhala marandi a ku South Africa zisanasanduke mapepala. Iye adachitadi zimenezo. Marandiwo adawakulunga m'kansalu nawabisa kudenga.

Adayamba ndi kutapa pang'ono kugula thumba la ufa, akudziuza kuti abweza kutha kwa mwezi. Pambuyo pake mwana wake wamwamuna adafuna ndalama ya basi yopita ku Johannesburg kukasaka ganyu. Kansalu kaja kadapepuka mpaka kutheratu. Mu Ogasiti chaka chomwecho matenda a kolera adabuka ku Chitungwiza komweko, nafalikira m'dziko lonse, ndipo pofika pakati pa 2009 adali atapha anthu oposa 4,000. Mmodzi wa omwalirawo adali membala wa bungwe lija, munthu amene sadaphonyepo kusonkha. Anthu atabwera kudzatenga ndalama ya bokosi, msungichuma adati adachedwa kusintha ndalamazo, zidatsekeredwa kubanki ndipo zidafera komweko. Palibe amene adakayika, pakuti zoterozo zinkachitikira aliyense. Ena mpaka adamupepesa. Malemuyo adaikidwa m'manda popanda bokosi.

Pamaso pa anthu nkhani idathera pomwepo. Koma akuluakulu adati mlandu suwola. Bamboyu adayamba kudziweruza yekha usiku, ali woimba mlandu ndi wodziteteza yemwe. Ankati ndalamazo zikadafa ndithu akadapanda kuthamanga nazo. Ankati sadamwere mowa, adadyetsa ana. Ankati amene adaononga chuma cha dziko ndiwo olakwa enieni. Mfundo zonsezi zidali ndi choonadi chake, koma palibe imene idamugonetsa tulo.

Apa ndi pamene chiphunzitso cha Chikhristu chimasiyana ndi mmene anthu ambiri amaonera kulakwa. Pabwalo la mfumu mlandu umayamba pamene wodandaula waonekera, ndipo umatha pamene mbuzi kapena nkhuku yalipidwa. Anansi ake Achishona amadziwa za ngozi, mzimu wa munthu wolakwiridwa umene umavutitsa banja mpaka litalipa. Njira zonsezi zimanena zoona kuti cholakwa ndi ngongole. Koma akhristu amaonjezera kuti tchimo lililonse, ngakhale losaonedwa ndi munthu, limalakwira Mulungu poyamba, monga adavomerezera Davide mu Salimo 51. Amaphunzitsanso kuti tchimo si chochita chokha ayi, ndi mtima wopotoka umene umabala chochitacho. Njala ndiyo idatsegula chitseko, koma bodza lija silidachokere m'mimba. Lidachokera m'mtima umene udakonda mbiri yake yabwino kuposa choonadi. Ndipo mtima wotere, malinga ndi kalata ya Paulo kwa Aroma mutu 3, uli mwa munthu aliyense, wakuba ndi msungichuma wokhulupirika yemwe.

Bamboyu adayesa kulipa mwa njira yake. Ankafika kutchalitchi anthu onse asanafike, kusesa ndi kukonza mabenchi. Ankatungira madzi okalamba pamene mipopi idali youma. Pamaliro aliwonse ndiye ankakhala woyamba kugwira fosholo. Anthu adachulukitsa kumutama, ndipo kutamako kunkamubaya kuposa chitonzo. Tsiku la Mgonero wa Ambuye mkate unkamukakamira pakhosi.

Pakati pa ntchito zake zabwinozo padali yokawerengera Baibulo mkulu wa mpingo wina wopuma, wa ku St Mary's, amene maso adali atachita khungu. Tsiku lina mu 2010 akuwerenga kalata ya kwa Aefeso mutu 2, pamene Paulo akufotokoza kuti chipulumutso chimadza mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, ndipo ndi mphatso imene munthu sangadzitame nayo, mawu adamuthera. Nkhalambayo idadikira, kenaka idafunsa chimene chidawagwira pakhosi. Bamboyu adaulula zonse, natsiriza ndi kuwerenga ntchito zimene wakhala akuchita kuti Mulungu amuonere chifundo.

Mkulu uja adapapasa pansi pa mtsamiro natulutsa ndalama ija ya mathiriliyoni 100. “Achimwene,” adatero, “tengani iyi mukandigulire buledi.” Bamboyu adayankha kuti, “Bambo, imeneyi idafa, salandiranso.” Nkhalambayo idati, “Nanga inu mukuyenderanji nayo kwa Mulungu? Maziro ndi ambiri ndithu, koma kumene mukufuna kukalipirako sailandira.”

Madzulo amenewo mayankho a katekisma aja adasanduka amoyo. Chikhristu chimaphunzitsa kuti ngongole ya tchimo ndi yeniyeni ndipo Mulungu saitaya kuthengo ngati yopanda pake, koma amene adailipa ndi Yesu Khristu pa mtanda. Iye ndiye dipo. Chikhulupiriro si ntchito ina yoposa zinzake imene munthu amagulira chikhululukiro. Chili ngati dzanja lopanda kanthu lotambasulidwa kulandira. Munthu wanjala sakhuta chifukwa dzanja lake ndi lokongola, amakhuta chifukwa cha nsima imene yaikidwamo. Wochimwa akaleka kudziteteza, navomera kuti ndi wolakwa, nadalira zimene Khristu adachita, Mulungu amamuyesa wolungama pomwepo, asanakonze chilichonse.

Nkhani imeneyi ndiyo idavutitsa Martin Luther ku Germany, nikhala pakati pa mkangano umene udabuka mu 1517 ndi kugawa mpingo wa ku Ulaya. Patapita zaka zoposa 480, pa 31 Okutobala 1999, Akatolika ndi Alutherani adasainirana chikalata ku Augsburg chovomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, mwa kukhulupirira Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwake, ndi kuti Mzimu Woyera ndiye amamukonzekeretsa kuchita ntchito zabwino. Mgwirizano wa padziko lonse wa mipingo ya Reformed udalowa nawo m'chimvanocho mu 2017. Mipingo imasiyanabe pa zambiri, koma pa tsinde limeneli idayandikana.

Wina angafunse kuti, ngati chikhululukiro ndi chaulere, mayi wamasiye uja apindulanji? Kodi wakubayo angopita kwawo akuimba nyimbo? Bamboyu adafunsanso chimodzimodzi, ndipo nkhalamba ija idamukumbutsa za Zakeyu wa pa Luka 19. Yesu adalowa m'nyumba ya wokhometsa msonkhoyo asanabweze kalikonse. Kubweza kudadza pambuyo, monga chipatso. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, amene mipingo ya Reformed imatsata, adayala chiphunzitso chonse m'magawo atatu otsatana: kukula kwa tchimo, kuomboledwa, ndi kuyamika. Ntchito zabwino zili m'gawo lachitatu. Mlimi aliyense amadziwa kuti mango sabereka kuti akhale ndi mizu, amabereka chifukwa mizu ilipo. Bamboyu adakhala zaka ziwiri akumangirira zipatso pa mtengo wouma. Ndipo pa ntchito zonse zimene adadzisankhira, adazemba imodzi yokha imene inkafunika, ya kunena zoona.

Chimene chidamupatsa mphamvu yonenera zoona ndi chakuti adalibenso choti ateteze. Adayamba ndi mkazi wake, kenaka abusa ndi akulu a mpingo, amene adamuimitsa pa Mgonero kwa kanthawi monga mwa mwambo. Pamsonkhano wa bungwe la maliro adaimirira naulula pamaso pa onse. Udindo adamuchotsa tsiku lomwelo. Ena adamukalipira, ena adatuluka m'bungwemo osabwereranso, ndipo alipo amene mpaka lero samupatsa moni. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo: ana ake nawo adalawa chitonzo cha bambo awo.

Kovuta kwenikweni kudali kwa mayi wamasiye uja. Adapita ndi mkulu wa mpingo mmodzi, nakhala pansi pakhonde, nafotokoza. Mayiyo adamvetsera mpaka kumapeto, ndipo adangoti, “Ndamva, bambo. Koma amuna anga adagona m'dothi popanda bokosi.” Palibe chimene akadayankha. Madzi akatayika saoleka. Ndalama adabweza pang'onopang'ono m'madola a ku America, kuchokera ku tomato ndi masamba a m'kadimba kake amene ankagulitsa ku Chikwanha, ndi zimene mwana wake ankatumiza. Zidamutengera zaka zitatu. Pambuyo pake adathandiza kumanga chiliza. Mayi uja adalandira zonsezo mwaulemu, koma padapita nthawi yaitali asanamuyankhe moni ndi nkhope yomasuka. Bamboyu sadamukakamize. Adazindikira kuti kukhululuka kwa Mulungu sikumupatsa ufulu wolamula kukhululuka kwa munthu amene adamupweteka.

Bungwe lija lilipobe, ndipo lidasintha kayendetsedwe kake. Ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse pamsonkhano uliwonse, ndipo bokosi lake lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, monga amachitira a banki mkhonde ku Malawi. Amene adapereka ganizo limeneli ndi bamboyu. Amauza alangizi ndi atsogoleri a magulu a alimi amene amacheza naye kuti kuwerengera msungichuma si kumunyoza, ndi kumuteteza. Amene amakhulupirira kuti anthu onse ndi ochimwa sasiya mnzake yekha ndi kansalu ka ndalama m'chaka cha njala. Amaonjezanso kuti gulu lisatseke khomo la wolapa, chifukwa pamene kuulula kuli ngati imfa, anthu amasankha bodza, ndipo bodza ndilo limapha magulu.

Nkhalamba ya ku St Mary's ija idamwalira, ndipo idaikidwa m'bokosi logulidwa ndi bungwe lomwelo. Ndalama yake ya pepala idatsala kwa bamboyu. Ili pa Aefeso mutu 2, ndipo m'mphepete mwake mwayamba kuthetheka chifukwa cha kugwiridwagwiridwa. Mgonero amadya tsopano, ndipo mkate umatsika bwino.